Nkhunda Zisanu ndi Ziwiri

Khola adamanga Damiyano chaka chomwe tidalowana,
mizati inayi ya bulugamu, nsungwi za kudambo,
ndipo timiphika tanga tobenthuka milomo,
tomwe palibe adatifunsa mtengo pamsika,
adatiika m'kati kuti tikhale zisa.
Nkhunda ziwiri adakapempha kwa atsibweni ake ku Mayani,
nabwera nazo m'katoni ya sopo yoboola ndi msomali.

Zidaswana.
M'mawa wa Juni, nkhungu ikatsika m'phiri kudzakhala pakhomo,
ndinkazimva ndisanazione,
zikung'ung'udza ngati munthu wokana kutuluka m'bulangete.
Zitosi zake ndinkakokola ndi chibenthu cha fosholo
n'kupita nazo kudimba,
ndipo mpiru wanga pa Bembeke unkatha dzuwa lisanawawe.

Amati nkhunda sizikhala pakhomo pa ndewu.
Ine ndinkaseka. Mbalame imva chiyani za anthu?

Kenaka chidabwera chaka cha chiwawu.
Mbatatesi idapsa masamba ngati yathiridwa madzi owira,
ngongole ya feteleza itagona pakhomo ngati galu wa eni.
Damiyano adayamba kufika usiku,
mawu patsogolo, mwini wake pambuyo.
Nanenso pakamwa sindidabwereke, ndi panga.
Mbale zidaphunzira kuuluka.
Telezia ankagona atakulunga mutu m'chitenje,
mbira zili zii kuseri kwa mafuwa.

Zidayamba ziwiri. Mawa lake zisanu.
Ndidaziona ndi maso angawa padenga la a Nasibeko,
zikutola mawere ngati zidabadwira komweko.
Ndikanati chiyani? Nkhunda si mbuzi yoti uikoke pachingwe.
A Nasibeko adangoti, "Zabwera zokha, mwanawe,"
maso ali m'lichero la nyemba.

M'khola mudatsala nthenga ndi utitiri.
Damiyano adakwera basi ya ku Joni Lachiwiri lina,
atagulitsa nkhumba yomwe tinkasungira fizi.

Ndidadzala nyemba m'mizere momwe mudafera mbatatesi.
Keni yothirira itayamba kudontha
ndidaimata ndi chidutswa cha chigubu chosungunula pamoto,
chala ichi mpaka lero chili ndi chipsera.
Ndidabwereranso ku dothi la kumtsinje.
Miphika itatu yoyamba idaphulika poiwotcha,
wachinayi udalira bwino nditaugogoda,
ndipo mayi wina wa ku Lizulu adaitanitsa khumi.
Chiswe chitadya mzati wa khola
ine ndi Telezia tidaimika wina, wopendekera pang'ono,
osadziwa kuti tikukonzera yani.

Dzulo ndikutonola chimanga pakhonde
ndidamva mapiko.
Zisanu ndi ziwiri.
Yamawanga ofiira ija ndidaizindikira, imatsimphina mwendo wamanzere.
Idazungulira bwalo, nkuyang'ana ine, nkuyang'ana chitseko,
ngati mlendo wofuna kudziwa kaye ngati kuno kwacha bwino,
kenaka idalowa m'kamphika kake komwe kaja.

Telezia adasiya mtondo.
"Amayi, ndiye kuti ababa akubwera?"

Sindidamuyankhe.
Pamfundo ya chitenje changa pali foni,
m'fonimo muli uthenga wa sabata yatha:
akuti mowa adasiya, akuti Khirisimasi adzadyera kuno,
akuti ndimusungire mbewu ya mbatatesi yofiira.
Ndauwerenga mpaka mawu ake ayamba kutha ngati khasu,
koma chala changa chachipsera chikukana kulemba.

Ndidangotapa misere m'lichero n'kuwaza pabwalo.
Zidatsika zonse, osathamangitsana,
kudya pafupi ndi mapazi anga.

Lero ndadzuka nkhungu isanachoke,
ndaima pansi pa khola lopendekera, manja m'khwapa.
Zilipo zisanu ndi ziwiri.
Ina yanyamula kaudzu kukamwa.
Mawa ndidzawerenganso.